Sukulu ya galimoto ya ku Malvern imene inandilandira ndi mantha anga omwe

Amayi anzanga a kumpingo ndi ena amene timagulitsa limodzi akhala akundifunsa kuti galimoto ndinaphunzira kuti. Akufunsa chifukwa amandidziwa: ndine uja ndinkatsinzina teksi, minibasi ya kuno ku Joni, ikamadutsa thiraki pa msewu waukulu wa M2. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti wofuna kupitako adziwiretu chimene akukalipirira. Ngati ndinu munthu wamkulu ndipo chimene chakhala chikukulepheretsani ndi mantha, sukuluyi ikuyenerani. Ngati ndinu mnyamata wofuna laisensi mwezi uno uno, masukulu achangu alipo ambiri, kuno mukatopa nako.

Sukuluyi ndi yaing'ono. Ili ku Malvern, m'kamsewu kotuluka mu Jules Street, kuseri kwa malo ogulitsa masipeya. Eni ake ndi bambo a kwathu, a ku Nkhotakota, amene anayendetsa mathiraki zaka zambiri pakati pa Durban ndi Blantyre asanatope ndi kugona m'maboda n'kukhazikika kuno ku Joni. Dzina lawo sindiika pano chifukwa sindinawapemphe, koma a Malawi a ku Malvern, Jeppestown ndi Bez Valley ambiri amawadziwa, mukafunsa akulozerani. Magalimoto ali nawo awiri, onse ang'onoang'ono, onse osintha magiya pamanja, ndipo onse ali ndi buleki ndi kilatchi mbali ya mphunzitsi. Ophunzitsa ndi awiri: bamboyo ndi mwana wa mlongo wawo. Za mnyamatayo ndinena kutsogoloku.

Nthawi imene ndinkaphunzira ine ankalipiritsa R250 pa ola, ndipo ukalipiriratu maola angapo amatsitsako pang'ono. Galimoto ya tsiku la mayeso imakhala ndi mtengo wake wapadera. Mitengo imasintha, mukafunse kaye.

Ine ndimagulitsa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata, kuphatikizapo katundu wa kumudzi amene amabwera pa basi: usipa, nyemba, nsinjiro, mpunga wa Kilombero. Kukapikula ku Joburg Market ku City Deep kumafuna kulawirira kusanache, apo ayi upeza zabwino zatengedwa. Bambo a kunyumba amagwira ntchito usiku, akafika amakhala atatheratu. Bakkie, galimoto ya pikapu yonyamulira katundu, tinagula, koma inkangokhala pabwalo, ine n'kumalipira munthu wina kuti andinyamulire mabokosi. Phindu la tomato limadziwika kuchepa kwake, ndiye ukachotsanso ya transipoti umatsala ndi dzina lokha lakuti ndili pa geni. Ndinkadziwa kuti yankho ndi kugwira chiwongolero ndekha, koma zaka zinapita ndisanayerekeze.

Chifukwa chake n'chakale. Ndili mtsikana, minibasi imene ndinakwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kupita ku Lilongwe inaphulika tayala cha ku Linthipe n'kugubuduzika kumbali kwa msewu. Ine ndinatuluka ndi mabala ochepa. Mayi amene ndinakhala nawo pampando umodzi sanadzuke. Chiyambire tsiku limenelo, galimoto ikangowonjezera liwiro manja anga ankanyowa thukuta, mtima n'kukhala m'mwamba mpaka nditatsika.

Anthu ambiri amene anayesapo kundilimbikitsa ankanena mawu amodzi omwewo: musaope. Bambo a kunyumba ankatero, abusa ankatero, ana anga ankatero. Amanena ndi mtima wabwino, koma mawu amenewo sathandiza munthu amene miyendo ili njenjenje. Chimene chinandisiyanitsira sukuluyi ndi chakuti bambo aja sanandiuzepo mawu amenewo ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku loyamba anayendetsa okha mpaka pafupi ndi Rhodes Park ku Kensington, anaimika galimoto pamthunzi, anazimitsa injini, kenako anati tisinthane mipando. Nditakhala pa chiwongolero sanandionetse kanthu. Anangofunsa kuti, “Mayi, ku Joni kuno munabwera bwanji?” Ndinati pa basi. “Nokha?” Ndinati ndekha, ndi mwana kumbuyo. Anati ndiwafotokozere ulendo wonse, osadumpha. Ndinayamba monyinyirika, poganiza kuti ola langa likutha pa nkhani. Ndinanena za pa Mwanza ndi pa Zobue, za mlatho wa pa Zambezi ku Tete pamene ndinayang'ana pansi n'kumva chizungulire, za pa Nyamapanda, za mzere wa usiku pa Beitbridge mwana akulira, pasipoti nditaimangirira m'chitenje pamimba, mpaka kutsika pa Park Station osaona munthu amene amayenera kudzandichingamira. Iwo njira yonseyo amaidziwa ngati pakhomo pawo, ndiye ankandifunsa zenizeni. Pa Beitbridge munaopa? Ndinati kwambiri. Ndiye munatani? Ndinati ndinasankha mayi mmodzi wooneka wozolowera n'kumachita chimene iye akuchita, windo limodzi, kenako linalo. Nanga pa Park Station? Ndinati ndinakhala pa chikwama changa pamalo owala, ndinayamwitsa mwana, ndinapempha foni kwa mayi wina wolankhula Chichewa.

Pamenepo anati, “Mantha ine sindingakuchotsereni, mayi. Koma mwaona, inu kuyenda muli ndi mantha mumadziwa kale. Chatsala n'kilatchi basi.” Kenako anandiuza kuti ndilize galimoto.

Ndaganizira kwambiri chifukwa chimene zimenezi zinagwirira ntchito pa ine. Bamboyo safunsa kuti akutamande. Sanena kuti ndinu mayi wolimba mtima, zomwe ndikanazikana pomwepo chifukwa ndimadzidziwa. Amafuna kumva chimene manja ako ndi maso ako anachita nthawi imene unali ndi mantha, ndipo chimenecho n'chimene amakubwezera ukakhala pa msewu. Ukakumbukira kuti unachitapo, ndipo unachita motere, mtima umapeza pogwira. Kulimba mtima kouzidwa ndi munthu wina kumasungunuka teksi ikangoliza hutala. Kochokera pa zimene unadutsamo wekha kumatsala, chifukwa palibe angakutsutse kuti sizinachitike.

Chitsanzo ndi cha pa maloboti. Aliyense wophunzira amadziwa chimene chimachitika: loboti latsegula, iwe wachotsa phazi pa kilatchi mofulumira, galimoto yazima, kumbuyo teksi ikuliza hutala mosalekeza, dalaivala watulutsa mutu akukalipa. Pamenepo ine mutu unkaima, osadziwanso kuti kiyi ali kuti. Bambo aja anandifunsa tsiku lina kuti, kodi munakhalapo mpando wa kutsogolo mu teksi? Aliyense wa kuno akudziwa kuti wokhala kutsogolo ndiye amawerengera dalaivala ndalama. Masiku oyambirira ine ndinkauthawa mpandowo, chifukwa ndalama zimabwera kuchokera kumbuyo mzere ndi mzere, anthu akutchula m'Chizulu, chenji akuchifuna pompo, ndipo ukatsegula pakamwa lilime limakuulula kuti ndiwe mlendo. Koma tsiku limafika lakuti mpando watsala ndi womwewo. Ndinawauza kuti ndinaphunzira kulandira mzere umodzi, kuwerenga, kubweza chenji, kenako n'kulandira wina, ndipo amene akufulumira adikire. Iwo anati, “Basi ndi zomwezo. Changu ndi chake, galimoto ndi yanu. Handibuleki, giya pakati, lizani, giya yoyamba, magalasi, tiyeni.” Anandibwerezetsa mawu amenewo mpaka analowa m'manja. Lero galimoto ikazima pa loboti ndimachita zomwezo mwa ndondomeko yake, hutala ndikuimva koma osailabadira.

Musaganize kuti maola onse amathera pa kucheza. Nkhani zimenezi zimatenga mphindi zochepa poyamba, makamaka tsiku limene akukutengera pa chinthu chatsopano. Zotsalazo ndi ntchito, ndipo pa ntchito bamboyo sasekerera. Mayeso a kuno, amene amawatcha K53, amafuna zinthu zambiri zimene madalaivala a tsiku ndi tsiku anasiya kalekale. Usananyamuke uyenera kuzungulira galimoto ukutchula matayala, magetsi, magalasi ndi zitseko. Ukuyenda uyenera kuponya diso pagalasi pa masekondi 5 mpaka 8 alionse, ndipo usanakhote kapena kusintha mzere uyenera kutembenuza mutu wonse kuti woyesa aone kuti wayang'ana mbali imene galasi silionetsa. Chiwongolero amafuna uzikoka ndi kukankha, manja osapingasa. Mayesowo ali pawiri: pabwalo ndi pamsewu. Pabwalo pamakhala kutembenuza galimoto pamsewu wopapatiza, kulowa chambuyo pakati pa mitengo kuchokera kumanzere ndi kumanja, kuimika m'mbali pakati pa mitengo, ndi kunyamuka pachitunda. Zonsezo zithe pasanakwane mphindi 21. Ukagunda mtengo walephera. Galimoto ikangotsetsereka pamene siyenera kuyenda, ngakhale pang'ono chabe, walephera pomwepo, kumsewu supitanso.

Pachitunda ndi pamene ndinaona luso lawo. Kensington ndi dera la zitunda, ndipo anayamba nane pa kamtunda kosaoneka n'komwe, tsiku lina kokulirapo, mpaka tinafika pa misewu imene ukaima umaona ngati galimoto ikufuna kubwerera yokha. Anandiuza kuti phazi la pa kilatchi lizikwera ngati mmene munthu amatulira ndowa yodzaza madzi, mosagwedeza, ndipo ndizimvetsera injini ndi kuona kutsogolo kwa galimoto kukudzuka ndisanatsitse handibuleki. Mphunzitsi wina akanangoti bwerezani. Iwo ankazimitsa wailesi, kutsegula mawindo, kuti khutu limve pamene mawu a injini asinthira. Sanagwirepo chiwongolero changa mondidzidzimutsa. Akafuna kuponda buleki yawo ankayamba anena.

Misewunso amaikonza mwa makwerero. Timisewu ta zii ta ku Kensington poyamba, kenako Roberts Avenue ndi Langermann Drive, kenako malo oimika magalimoto ku Eastgate kumene anthu amadutsa ndi matrole mosayang'ana. Anandiphunzitsanso chinthu chimene ku Joni chimachitika kawirikawiri, maloboti akafa chifukwa cha magetsi kapena mawaya obedwa: aliyense amaima, woyamba kufika ndiye woyamba kupita, ndipo ukazengereza nthawi yako ikakwana umasokoneza onse. Za chikwama kuti chizikhala kubuti kapena pansi posaoneka, za kusiya mpata pakati pa iwe ndi galimoto ya kutsogolo ukaima pa loboti usiku kuti upeze pothawira, zonsezo ananena ngakhale sizibwera pa mayeso.

Tsopano ndinene za Jules Street, chifukwa apa ndi pamene njira yawo ndinaiona mphamvu yake ndi kuopsa kwake komwe.

Amene munali kuno mu September 2019 mukukumbuka. Zipolowe zinayambira cha ku Jeppestown n'kufika ku Malvern, masitolo anathyoledwa, magalimoto a m'malo ogulitsira a mu Jules Street anatenthedwa, ndipo ife alendo tinadzitsekera m'nyumba. Nthawi imeneyo ife tinkachita lendi chipinda kufupi ndi msewuwo. Utsi unkalowa ndi pansi pa chitseko. Ana ndinawagoneka pansi, kutali ndi windo. Nkhani imeneyi sindiikamba kawirikawiri, ngakhale ndi bambo a kunyumba.

Tsiku limene tinkayenera kulowa mu Jules Street koyamba, msewu wa mateksi oima paliponse ndi anthu odutsa pakati pa magalimoto, bambo aja anafunsa kuti, kodi 2019 munali kuti? Ndinayankha pang'ono. Anafunsanso, monga amachitira, kuti ndiye tsiku loyamba kutuluka panja munatani? Ndinayamba kufotokoza kuti mwana wamng'ono anatentha thupi, mankhwala anatha, ndiye ndinagogoda kwa mayi wa nyumba yoyandikana, Mzulu, amene anavala tsekete lake n'kunena kuti tiyeni, inu musalankhule, ndilankhula ndine. Tinadutsa pakati pa magalimoto opserera ndi magalasi osweka, ine maso ali pa nsana wa mayiyo. Ndisanamalize misozi inayamba, ndipo sinaleke. Phunziro la tsiku limenelo linathera pomwepo. Bamboyo anapepesa, anandiperekeza mpaka pageti, ndipo ola limenelo sanalipiritse.

Sabata yotsatira ndinayendetsa mu Jules Street kuyambira ku Malvern mpaka ku Jeppestown. Ndinadutsa pamalo pomwe ndinayenda wapansi tsiku lija. Chimene chinandigwira mtima ndi ganizo lakuti msewu uno ndinaudutsapo uli woipa kuposa lero, ndilibe ngakhale chitseko chonditchinga. Teksi inandidula kutsogolo, ndinaponda buleki, ndinapitiriza. Ndiye sindingakane kuti funso lawo linandithandiza.

Komabe ndikuona kuti apa bamboyo ayenera kusamala. Si chilonda chilichonse chimene chinapola, ndipo si munthu aliyense amene akufuna kuchitsegula m'galimoto ndi munthu amene wangomudziwa kumene. Mayi wina amene ndinamutumiza ndekha anasiya atangoyamba, anati mafunso anamuchulukira, iye anabwera kudzaphunzira galimoto osati kudzaulula mbiri yake. Sindikumuimba mlandu. Ena mwa ife tinadutsa mu zinthu panjira yobwera kuno zimene sitidzanena mpaka kumanda. Ndinawauza bamboyo maso ndi maso kuti azifunsa kaye ngati munthu akufuna kukamba, ndipo akakana amusiye. Anamvetsera. Inu mukapita, dziwani kuti muli ndi ufulu wonena kuti iyi ayi, tikambe ina. Nkhani ya mpando wa kutsogolo mu teksi inandithandiza mofanana ndi ya 2019, ndipo sinandilize.

Msewu waukulu tinaulowa Lamlungu m'mawa, magalimoto ali ochepa. Kwa munthu wamantha chovuta pa M2 ndi polowera, chifukwa thupi lonse limakuuza kuti chepetsa liwiro pomwe chofunika ndi kuwonjezera, kuti ufanane ndi amene ali kale mumsewu. M'tauni malire ndi 60, m'misewu ikuluikulu amafika mpaka 120 malinga ndi chikwangwani, ndiye wolowa pang'onopang'ono ndi amene amaika ena pangozi. Apa ndi pamene ngozi ya ku Linthipe inandibwerera kwambiri. Bamboyo ankaidziwa, ndipo sanaigwiritse ntchito monga ankachitira ndi nkhani zina. Anangoti titsike tione matayala onse anayi, anandionetsa mmene amaonera ngati tayala latha ndi mmene amayezera mpweya pa filing'i siteshoni, anandifotokozera chochita tayala likaphulika: gwira chiwongolero ndi manja awiri, usaponde buleki mwamphamvu, chotsa phazi pa moto, galimoto ichepetse yokha. Kwa zaka zonsezi palibe amene anandiuzapo kuti tayala likaphulika pali chochita. Ndinkangodziwa kuti likaphulika anthu amafa. Tinalowa, tinatuluka potulukira poyamba, tinazungulira, tinalowanso. Thukuta linali kamukamu, koma phazi linaponda.

Zoipa zake nazi, ndipo sindizichepetsa.

Nthawi sasunga bwino. Bamboyo akakhala ndi wophunzira amene zamuvuta samusiya panjira, zomwe n'zabwino kwa ameneyo koma wotsatira amadikira. Ine ndaimapo pageti nthawi yaitali, malonda nditasiyira mwana. Uthenga wonena kuti achedwa satumiza pokhapokha uwaimbire. Ola lako amakupatsa lathunthu, zimenezo sabera, koma munthu wa pa ntchito ya abwana amene wapempha ola limodzi lokha zingamuike m'mavuto.

Mnyamata uja galimoto amaidziwa, ndipo pa zolowa chambuyo pakati pa mitengo ali ndi zizindikiro zake zothandiza. Koma mtima ndi wachangu, amapumira m'mwamba ukalakwitsa, ndipo foni sichoka m'manja. Masiku amene ndinapatsidwa iyeyo ndinkabwerako nditabwerera m'mbuyo. Mtengo ndi umodzi womwewo, choncho ngati vuto lanu ndi mantha nenani poyambirira kuti mukufuna bambo akuluwo, ngakhale zitanthauze kudikira sabata.

Magalimoto ndi otopa. Mabuleki ndi matayala amawasamala, zimenezo ndinaona ndekha, koma imodzi mpando wake sukwera, moti ine wamfupi ndinkabwera ndi pilo wanga, ndipo m'chilimwe mumatentha koopsa. Bwalo lophunzirira mitengo si lawo okha, amabwerekana ndi masukulu ena, ndiye Loweruka umatha nthawi uli pamzere. Mphunzitsi wamkazi palibe. Amayi ena, makamaka alongo athu achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga amene amakhala cha ku Mayfair, anandiuza kuti akanabwera pakanakhala mayi. Amalola kuti ubwere ndi m'bale wako akhale kumbuyo, zimenezo zimathandizako. Risiti salemba pokhapokha uwapemphe, ndiye muzipempha, makamaka mukalipiriratu maola ambiri. Ndipo amangotenga anthu a madera oyandikira. Wa ku Diepsloot kapena Cosmo City ayenera kubwera yekha, ndalama ya teksi ikhoza kufanana ndi ya phunziro.

Pa za lenala, chiphaso chimene wophunzira galimoto amayamba watenga, thandizo lawo ndi lochepa. Amakubwereka buku la Chingerezi n'kukuuza kuti ukawerenge, ukakhala ndi funso amayankha m'Chichewa bwinobwino, koma kalasi yokhala pansi palibe. Mayeso a lenala ali m'magawo atatu, malamulo a pamsewu, zikwangwani ndi zida za galimoto, ndipo gawo lililonse uyenera kulikhoza palokha. Ine anandithandiza ndi mwana wanga wa kusekondale, usiku tikatha kudya. Mayi amene sukulu sanapite nayo patali ndipo alibe womuwerengera angavutike, ndipo ndikanakonda bamboyo akanapatula ngakhale madzulo amodzi pa sabata kuti azifotokoza bukulo m'chinenero chathu. Anthu akanalipira.

Za mapepala amanena zoona zokhazokha. Mlendo amafunika pasipoti ndi pemiti zogwira ntchito, atenge kaye traffic register number, nambala imene a zapamsewu amamulembetsera mlendo, akhale ndi umboni wa kumene amakhala ndi zithunzi, ayezetse maso, ndipo tsiku la mayeso kuno ku Gauteng amabukitsa pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la NaTIS. Lenala imakhala miyezi 24, ndiye musaitenge n'kukaisunga m'sutikesi. Wopanda lenala samukweza pa chiwongolero ngakhale atachonderera. Anandichenjezanso kuti ukayesedwa pa galimoto yosintha yokha magiya, laisensi yako imakhala ya zoterozo basi, bakkie yathu sindikanaloledwa kuyendetsa. Ndipo za kugula laisensi safuna n'kumva komwe. Tonse timadziwa kuti alipo amene amalonjeza kuti ukawonjezera kenakake zitheka. Iwo anandiuza kuti pa misewu ya mathiraki anaona mitembo yokwanira, sangaike dzanja lawo pa zimenezo. Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse, chifukwa munthu ngati ine pepala lokha silikanandithandiza. Ndikanakhala nalo m'chikwama, bakkie ili pabwalo pomwepo.

Tsiku la mayeso anabwera msanga, tsiku limeneli lokha sanachedwe. Tinayeserera pang'ono, kenako tinakhala m'galimoto kudikira. Sanandifunse za Beitbridge kapena za teksi. Anati, “Mayi, lero mukumbukire za Lamlungu lija pa M2.” Ndinazindikira kuti zinthu zoti ndizikumbukira zawonjezeka, ndipo zatsopanozo zinachitikira pa chiwongolero pomwepo. Pachitunda mwendo wa kumanzere unanjenjemera ndithu, woyesa ayenera kuti anaona. Ndinadikira mpaka injini itasintha mawu, ndinatsitsa handibuleki, galimoto inapita kutsogolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphindi zija zimakwana ngati suthamanga. Pamsewu anandiyesa kuima mwadzidzidzi, maloboti, mphambano ndi kusintha mizere. Ndinakhoza.

Chinthu chimene ndikulangizani kuti mulipire, ngakhale laisensi mutatenga kale, ndi phunziro la m'galimoto yanuyanu pa njira imene muzidzayenda. Ine ndinawapempha kuti tipite ku City Deep pa bakkie yathu, nthawi yeniyeni yopikulira, kuli mdima. Bakkie ndi yaitali, kumbuyo suona bwino, ndipo ikadzaza matumba a anyezi ndi mbatata imachedwa kuima. Kumeneko kumadzaza mathiraki a makontena, ndipo munthu amene anawayendetsa amadziwa pamene dalaivala wa thiraki sakukuona. Anandionetsa kuti ngati sindikuona magalasi ake, iyenso sakundiona, ndiponso kuti thiraki ikamakhota imayamba yatsegula mbali inayo, ndiye usalowe mumpata umene yasiya. Anandionetsanso kamangidwe ka katundu, zolemera kutsogolo pafupi ndi mutu wa galimoto. Ola limenelo linaposa maola ambiri a pabwalo.

Panopa kumsika ndimapita ndekha, ndipo ndimanyamulako amayi awiri a mumsewu mwathu, amathandiza ya mafuta. Mantha sanathe. Mvula ya matalala ikayamba masana ndimapatuka n'kudikira pa filing'i siteshoni. Ku Gillooly's, kumene misewu ikuluikulu ya N3, N12 ndi R24 imakumana, sindinapiteko ndekha, ndimazungulira njira ina ngakhale italike. Tinapangana ndi bamboyo kuti tidzapitako limodzi Lamlungu lina m'mawa, ndipo ndidzalipira ola limenelo mosadandaula.

Amene mwaganiza zopita, sankhani masiku a m'kati mwa sabata cha m'ma 10 m'mawa, pamene misewu yapepuka ndipo pabwalo palibe mzere. Valani nsapato zafulati zomwezo tsiku lililonse kuti phazi lizolowere kilatchi. Musalipiriretu maola ambiri musanayese awiri kapena atatu, chifukwa kaphunzitsidwe kawo sikayanja aliyense, ndipo nenani poyera tsiku loyamba kuti mukufuna bambo akuluwo.